Jenereta ya Namafunso

Pa yunivesite yonse ankadziwa kuti a Choko ndi makompyuta sankamwerana madzi. Dzinalo linachokera pomwepo. Anzawo a m'dipatimenti ya sayansi anali atasiya kalekale kulemba pa bolodi, koma iwo ankatulukabe m'kalasi jekete lili mbuu, mutu uli mbuu, moti munthu sakanadziwa kuti imvi zathera pati, fumbi layambira pati. Ophunzira ankanena kumbali kuti a Choko atati atemedwe ndi mpeni, m'malo mwa magazi mutha kutuluka choko.

Ndiye kunabwera lamulo lochokera kwa akuluakulu lakuti ophunzira akutali, aja ali kale pantchito koma akufuna digiri, aziphunzitsidwa pa intaneti. A Choko anakana, anadandaula, anaopseza kuti apuma pantchito nthawi isanakwane. Akazi awo anangowayang'ana n'kunena kuti, "Mupume kuti muzidzandilondalonda m'nyumba muno ngati mthunzi? Pitani mukaphunzire, bambo a ana. Nkhalamba zinzanu zikutha, inu mwakalamba kuposa ndani?"

Anapita. Ankakhala kumbuyo kwenikweni m'chipinda chimene mayi wa makompyuta ankaphunzitsiramo aphunzitsi, nkhope ili ndwii. Koma a Choko anali munthu wodana ndi kusekedwa, ndipo chinthu akachiyamba sankachisiya chosapsa. Loweruka lililonse mwana wawo wamkazi ankakhala kuchipinda ndi foni ngati wophunzira, iwo ali pabalaza ndi laputopu. "Adadi, maiki mwatseka! Mukuphunzitsa khoma!" ankakuwa iye, amayi ake akufa ndi phwete kukhitchini. Pang'ono ndi pang'ono zala zinazolowera. Pofika pakati pa chaka a Choko ankadziwa mabatani amene ngakhale achinyamata a m'dipatimenti sankawakhudza. Phunziro lililonse ankalijambula n'kulisunga mwadongosolo, monga ankasungira mabotolo a mankhwala mu labu. Anaikanso lamulo lawolawo: kamera ikhale yotsegula kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo wojomba asadzalire pa mayeso. "Ine sindiphunzitsa mizukwa," ankatero.

Tsiku limene zinachitika linali la mvula. Inali itagwa sabata yonse osapumira, mvula ya mphepo, yolowa ndi pansi pa chitseko pomwe. Mmawa umenewo a Choko anali mu ofesi yawo yaing'ono ya pamwamba, ndowa ili pakona kulandira madzi odontha kudenga, tiyi akuzizira pambali pa laputopu. Pa sikirini panadzaza timabokosi, kalikonse ndi nkhope yake: anamwino, aphunzitsi, oyendera zaumoyo, wina ali m'galimoto yoima, wina wabisala m'sitolo ya katundu ya kuntchito kwake. Panali Sajeni, mayi wapolisi wosaseka wamba, amene kalasi inamusankha kukhala mtsogoleri. Panali Mlamu, mphunzitsi wa sekondale amene ankaitana aliyense kuti mlamu, ngakhale a Choko amene, mpaka dzinalo linamukanirira mwini wake. Ndipo pakona ya kumanzere panali Namafunso.

Namafunso anali mphunzitsi wa pulaimale, mayi wa khanda losayamba kukwawa. Dzina anapatsidwa chifukwa cha dzanja lake losatopa. A Choko akangoti apume pang'ono, mawu ake ankamveka: "Pepani aphunzitsi, koma bwanji zikanakhala kuti..." Anzake ankabuula, koma a Choko, ngakhale sankaonetsa, ankamukonda kuposa onse.

Mmawa umenewo Namafunso analowa mochedwa pang'ono, n'kulemba m'kabokosi ka mauthenga kuti, "Pepani, lero maiki sinditsegula. Kuno kuli phokoso."

"Mulungu wamva mapemphero athu, alamu," anatero Mlamu. "Lero tiweruka nthawi yabwino."

Kalasi inaseka, a Choko nawo anamwetulira, n'kuyamba phunziro. Pamene ankafotokoza, maso awo ankayenda m'timabokosimo monga mwa chizolowezi. Anaona Namafunso akuyasamula. Kenaka anamuona akudzisisita pachipumi ndi zala ziwiri, ngati womva mutu. Kumbuyo kwake kunali bedi, ndipo pabedipo khanda linali chagada, likupalasa timiyendo m'mwamba. Patapita nthawi anamuonanso atatsamira tsaya pa dzanja, cholembera chitagwa. A Choko anakwiya pang'ono. Anamaliza chiganizo chawo n'kuimika.

"Namafunso, kodi ndikukuimbirani nyimbo yogonetsa mwana?"

Sanayankhe. Mutu wake unatsika pang'onopang'ono mpaka chipumi chinagunda tebulo, chithunzi n'kugwedezeka.

"Msiyeni, alamu, mwana sanamugoneke usiku," anatero Mlamu.

Koma asanamalize kuseka, thupi la Namafunso linapendekera kumanja ngati thumba losamanga bwino. Silinadzigwire. Munthu wogona akayamba kugwa amadzidzimuka, dzanja limathamangira kugwira tebulo. Uyu anangopita, mpando n'kupita naye. Pa kabokosi panangotsala bedi, khoma, ndi phazi limodzi lopanda nsapato m'munsi mwa chithunzi.



Dzanja la a Choko linapita lokha pa mbewa ya kompyuta. Anakulitsa kabokosi ka Namafunso mpaka kanadzaza sikirini, kenaka anadina batani lija lopatsa mphunzitsi mphamvu yotsegula maiki ya wophunzira. Phokoso limene linatuluka linadzaza ofesi yonse: du du du du, kulira kwa injini yotsekeredwa pakati pa makoma. Anayang'anitsitsa. Chingwe chofiira cha magetsi chinkachokera patebulo, kudutsa pansi, n'kukalowa pa chitseko cha m'kati chimene chinali chotsekuka pang'ono. Zenera linali lotseka, ndipo m'mphepete mwake munali mutatsekeredwa nsanza kuti mvula isalowe.

Zaka zonse zimene anaphunzitsa za mipweya, a Choko ankaulemba mpweya umenewu pa bolodi ndi zilembo ziwiri zokha. Lero unali m'chipinda chimodzi ndi khanda.

"Jenereta ili m'nyumba," anatero a Choko. "Tamverani nonse! Jenereta ili m'nyumba, mawindo ndi otseka. Utsi wa injini uli ndi mpweya wosaoneka, wosanunkha, umagoneka munthu n'kumupha ali m'tulo. Uyu sakugona ayi. Akufa. Ndani akudziwa kumene amakhala?"

Pamenepo kalasi inaphulika. Aliyense anatsegula maiki yake. Ena ankaitana dzina lake, ena ankalira, wina anayamba kupemphera mokweza, wina akuti imbani ambulansi, imbani ambulansi. A Choko sankamva kanthu. Anadina batani lotseka maiki onse nthawi imodzi, n'kutsegulanso ya Sajeni ndi ya Namafunso basi.

"Sajeni, muimbireni foni."

"Ndikuimba, aphunzitsi."

Pa sikirini, pambali pa kope la Namafunso, foni inayaka n'kuyamba kunjenjemera, ikuyenda pang'onopang'ono patebulo. Onse anaiyang'ana mpaka inazima.

"Mwamuna wake?"

"Amayendetsa mathiraki, amakhala pamsewu. Nambala yake tilibe. Ambulansi ndaimba pa foni inayi, akufunsa kuti apite kuti."

"Amene akudziwa kwawo alembe m'kabokosi ka mauthenga. Osalemba zina."

Mauthenga anayamba kugwa ngati mvula yomweyo, koma onse ankanena chimodzi. Anasamutsidwa kuntchito posachedwa. Anachoka kumene ankakhala kale. Akuchita lendi kwinakwake mu mzinda waukulu. Palibe anapitako. Anthu awa ankadziwana nkhope, ankadziwana nthabwala, ankathandizana ntchito ya kalasi, koma ambiri anali asanagwiranepo chanza.

A Choko anatola foni ya pa desiki n'kuimbira mayi wa makompyuta. Atamufotokozera mwachidule anamva kulira kwa mabatani mbali inayo.

"Zimene tili nazo ndi za sukulu yake yakale, bambo. Makina akungondionetsa kuti ali mu mzinda uno, koma dera lake sanganene. Akampani ya mafoni angathe, koma amafuna chilolezo, zitenga tsiku. Ndikubwera konko."

Mu mzinda uno. A Choko anayang'ana pazenera. Kunja kunali madenga osawerengeka mpaka kumapiri, onse otuwa ndi mvula, ndipo pansi pa limodzi mwa iwo panali phazi lija. Anabwezanso maso pa sikirini. Khanda linali likulira, pakamwa pali yasa, koma injini inkameza kulirako. Timiyendo tinkapalasabe, koma osati ngati poyamba.

Maganizo anayamba kuwathawa. Anaona lamulo lawo lija, wojomba asadzalire pa mayeso. Anaona mayi akudzuka n'kupeza magetsi atazima, laputopu ilibe moto, akuthamanga pamvula kukabwereka jenereta, akuiika m'kati kuopa kuti inyowa kapena akuba aitenga. Anagwira m'mphepete mwa desiki ndi manja onse awiri. Ayi, osati tsopano. Zolira pambuyo.

Kodi Namafunso ankakhala nthawi zonse m'chipinda chomwechi? Anatseka maso. Ayi. Panali tsiku lina ladzuwa, atangosamuka kumene, pamene netiweki inkavuta m'nyumba ndipo analowa kalasi ndi foni ali pabwalo. Anakumbukira chifukwa Mlamu anaseka matewera amene ankauluka pa chingwe kumbuyo kwake. Linali phunziro la chiyani? Asidi. Inde, asidi, chifukwa anafunsa za batire ya galimoto.

Anatsegula malo amene ankasungira maphunziro ojambulidwa. Poyamba anatsegula vidiyo yolakwika, mawu awo omwe n'kuyamba kulankhula za mchere modekha, ngati padziko palibe vuto. Anaitseka, anatsegula ina. Anakoka kamzere ka pansi kupita kutsogolo, kubwerera, kupitanso. Nkhope zinkathamanga. Kenaka anamuona: Namafunso atatsinzina diso limodzi chifukwa cha dzuwa, dzanja lili m'mwamba. Anaimika vidiyo, anakulitsa chithunzi, n'kuchionetsa kwa kalasi yonse.

"Musayang'ane iyeyo. Yang'anani kumbuyo kwake. Amene akuzindikira kanthu akweze dzanja."

Kumbuyo kwake kunali chingwe cha matewera, mpopi wa madzi wozunguliridwa ndi tayala lakale, ndi mzere wa zitseko, chimodzi chobiriwira. Pamwamba pa mpanda pankaoneka nyumba yosanja imene inasiyidwa osamalizidwa, njerwa zitada, ndipo pamwamba pake penipeni panamera mtengo.

Palibe dzanja linakwera. Pamwamba pa sikirini panatuluka uthenga wakuti nthawi ya phunziro yatsala pang'ono kutha, ndipo chipinda chitsekeka chokha. Chipindachi chikatsekeka, Namafunso analibe dzanja loti adine kulowanso. Kwa kanthawi a Choko anaiwaliratu kumene kumakhala batani lowonjezera nthawi. Anatsegula apa, anatsegula apo. Analipeza kuseri kwa kachizindikiro ka wotchi. Anadina, uthengawo n'kuchoka.

Atabweza maso, kadzanja kachikasu kanali katayaka pa kabokosi ka Mlamu. Anamutsegulira maiki.

"Aphunzitsi." Aka kanali koyamba kuti Mlamu awatchule choncho. "Nyumba ya mtengoyo ndikuidziwa. Ili kuseri kwa malo otsukira magalimoto, kutsidya kwa njanji. Ineyo ndili kutali, koma achemwali anga ali ndi shopu yosokera zovala pamsewu womwewo."

"Aimbireni. Atumizireni linki ya kalasi ino, alowe ndi foni yawo. Sajeni, mwamva?"

"Ndamva. Ndikuuza ambulansi ndi anzanga a polisi ya kumeneko."

Kudikira kumeneko a Choko sanadzakuiwale. Mayi wa makompyuta analowa mu ofesi ali wefuwefu, n'kuima kumbuyo kwawo. Madzi ankadontha m'ndowa. Pabedi paja khanda linali litasiya kulira. Linatembenuzira mutu kukhoma, kamwendo kamodzi kanagwedezeka, kenaka kanakhala. A Choko anayandikitsa nkhope pa sikirini kuti aone ngati kamimba kakukwera ndi kutsika, koma chithunzi chinali cha mbuu, ndipo sakanatha kusiyanitsa kupuma kwa mwana ndi kugwedezeka kwa kamera. Anazindikira kuti iwo omwe akupuma modukizadukiza, ngati mpweya woipawo wadutsa m'mawaya n'kulowa mu ofesi.

Kenaka panatuluka pempho la mlendo wofuna kulowa. Anamulola. Kabokosi katsopano kanaonetsa chibwano cha mayi wonenepa, tepi yoyezera ili m'khosi, ambulera ikulimbana ndi mphepo.

"Ndine mchemwali wake wa uyu. Ndili pamsewu. Ndilowere kuti?"

"Mayi, tembenuzani kamera ione kutsogolo kwanu. Apo. Yendani mpaka muione nyumba ya mtengo."

A Choko anaika zithunzi zitatu pamodzi: chipinda cha Namafunso, chithunzi chakale chija, ndi msewu wa achemwali umene unkadumphadumpha pamene ankathamanga. Matope, ngalande yosefukira, galu wonyowa, njinga yotsamira khoma. Nyumba yosanja inatulukira kumanja.

"Ndikumva jenereta!" anakuwa achemwali, n'kukhotera m'kanjira. Kamera inaonetsa kashopu ka ometa tsitsi, jenereta ili pakhonde itafunditsidwa lata.

"Si imeneyo! Bwererani. Pa chithunzi chathu mtengo uli kumanzere kwa nyumbayo, ndipo mawindo akuoneka awiri. Inu mukuiona chakutsogolo. Zungulirani, muione chakumbuyo."

"Kumbuyo kuli mipanda yambiri, bambo!"

"Suzumirani uliwonse. Mukufuna mpopi wa tayala ndi chitseko chobiriwira."

Geti loyamba linali lokhoma. Lachiwiri linatsegukira pa khola la nkhuku. Achemwali ankapuma ngati mvukuto, akuitana Mulungu ndi amayi awo osinthanitsa. Ambulera anaitaya. Madontho anaphimba kamera, a Choko n'kungoona mitundu yosungunuka.

"Pukutani kamera, mayi! Sindikuona!"

Chala chinadutsa pagalasi. Geti lachitatu linali la malata, lopendekeka. Analikankha ndi phewa. Mpopi unali pomwepo, tayala litadzaza madzi. Zitseko zinali mzere, zonse zotseka, eni ake ali kuntchito. Ndipo kuchokera ku chobiriwira kunkamveka kugunda kwa pansipansi, kofanana ndi kumene kunali mu ofesi ya a Choko.

"Ndi pompa! Chakhomedwa m'kati!"

"Musalowe nokha. Itanani amuna a kotsukira magalimoto, abwere ndi chitsulo. Thamangani!"

Achemwali sanathamange. Anaima pakati pa bwalo n'kukuwa mfuu imene inasokoneza sipika ya laputopu, mfuu ya mayi woti anazolowera kuitana ana kutsidya kwa msika. Posakhalitsa anatulukira amuna awiri ovala majombo, wina atanyamula chitsulo chomasulira matayala.

"Ikani foni pokweza mawu kuti andimve," anatero a Choko. "Abambo inu, tamverani, mukapanda kumvera mugwa nanu. Yambani mwaswa zenera. Kenaka chitseko. Musanalowe kokani mpweya panja, m'katimo musapume. Wina atenge mwana pabedi, wina azimitse jenereta. Mutuluke, mupume, ndiye mubwerere kukatenga mayiyo. Mwamva?"

"Tamva, bwana."

Pa chithunzi cha chipinda, galasi linagwera m'kati, nsanza zija n'kugwa nalo. Kenaka kunamveka kugunda, kamodzi, kawiri, thabwa likung'ambika. Kuwala koyera kunalowa kuchokera kumbali, ndipo munthu wa majombo anadutsa patsogolo pa kamera masaya atatupa. Anatola khanda. Mutu wa khanda unagwera kumbuyo, timanja tikulendewera. Mayi wa makompyuta anagwira phewa la a Choko mwamphamvu mpaka kupweteka.

Injini inatsokomola n'kuzima. Bata limene linatsatira linali loopsa kuposa phokoso.

"Mwanayu sakupuma!" anakuwa achemwali. "Mayo ine, wafewa ngati nsanza!"

Za mipweya a Choko ankazidziwa, za kubweza mpweya m'chifuwa cha khanda ayi. Anayang'ana m'timabokosi muja. Namwino wina wachikulire, amene chaka chonse anali asanalankhulepo m'kalasi, ankagwedeza manja onse awiri patsogolo pa kamera yake. Anamutsegulira maiki.

"Amayi, ndine namwino wa ana. Perekani foni kwa wina. Mwanayo mugonekeni chagada pouma, pakhondepo. Kwezani kachibwano pang'ono, pang'ono pokha. Pakamwa panu paphimbe mphuno ndi kamwa lake pamodzi. Uzirani pang'ono, mpweya wa m'masaya mokha. Chifuwa chakwera? Bwerezani. Tsopano zala ziwiri pakati pa chifuwa. Dinikizani mofulumira, ndikuwerengerani."

Mawu a namwinoyo anali osalala, osathamanga, ngati akuphunzitsa kusoka batani. M'kalasi ena anali atagwira pakamwa, Mlamu ataphimba nkhope ndi manja. Kumbuyo kwa achemwali amuna aja anatuluka akukoka Namafunso m'khwapa, n'kumugoneka chammbali monga namwino anawauzira, mmodzi wa iwo n'kugwada kusanza m'ngalande. A Choko ankawerenga pamodzi ndi namwino, milomo ikuyenda popanda mawu.

Sanadziwe kuti zinatenga nthawi yotani. Anangoona kamwendo kakukoka. Khanda linatsokomola, linasanza mkaka pa diresi la achemwali, n'kutulutsa kamawu kochepa ngati ka mwana wa mphaka.

"Musasiye kumuyang'ana," anatero namwino. "Mufunditseni. Nanga mayiyo?"

"Akupuma, koma patalipatali. Maso sakutsegula."

"Onse awiri akufunika mpweya wa kuchipatala msanga. Amene wasanzayonso apite nawo."

Ambulansi inali itatsekeredwa ndi madzi pa mlatho. Imene inafika ndi galimoto ya apolisi anzake a Sajeni. Anawakweza kumbuyo, achemwali atakumbatira khanda, ndipo foni yawo inazima pamene galimoto inkatuluka pageti.

Panatsala chipinda cha Namafunso. Mpando uli chogwa, mvula ikuwaza pabedi kudzera pazenera loswekalo. A Choko anauza kalasi kuti phunziro latha, kuti Sajeni adzawadziwitsa zonse. Timabokosi tinazima kamodzikamodzi. Iwo sanathe kutseka. Anakhala akuyang'ana chipinda chopanda munthucho mpaka panafika mayi wina wachikulire, mwina mwini nyumba, amene anasuzumira mu kamera modabwa n'kutseka laputopu.

Masiku otsatira anali olemera. Khanda linachira msanga, madokotala n'kumati ana ali ndi Mulungu wawo. Namafunso sanadzuke tsiku limenelo, ngakhale lotsatira. A Choko ankadya ngati akutafuna thonje. Foni ikalira ankaiyang'ana kaye nthawi yaitali asanaiyankhe. M'kalasi, wophunzira akangoweramitsa mutu kuti alembe, iwo ankaima pakati pa mawu mpaka mutuwo udzuke. Lamulo la kujomba analichotsa osauza aliyense chifukwa chake. Analengeza kuti amene magetsi amuthawa asadzivute, adzaonera phunziro lojambulidwa nthawi ina iliyonse, ndipo anapempha mayi wa makompyuta kuti awaphunzitse kuchepetsa mavidiyowo kuti azitseguka ngakhale pa foni yotchipa. Anapemphanso kuti wophunzira wakutali aliyense apereke nambala ya munthu wokhala naye pafupi. Mayi wa makompyuta anaitengera nkhaniyo kwa akuluakulu, ndipo inakhala lamulo la yunivesite yonse.

Uthenga wakuti Namafunso watsegula maso unabwera ndi Sajeni. A Choko anapita kuchipatala ndi akazi awo. Anamupeza atatsamira mapilo, machubu ali m'mphuno, nkhope itachepa. Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Ndinu aphunzitsi," anatero pang'onopang'ono. "Ndinu aafupi. Ndinkayesa ndinu aatali."

"Kamera imanama, mwanangu," anayankha a Choko.

Za tsiku lija sankakumbukira kalikonse, ngakhale kubwereka jenereta. Mawu ena ankamuthawa, ankawasaka ndi maso padenga. Dzanja lamanja linkanjenjemera akagwira kapu. Dokotala anati zina zibwerera, zina mwina ayi, ndipo ayambe wapumira sukulu chaka chino. Akazi a a Choko anatenga khanda m'manja mwa agogo ake n'kuyamba kulisewera, kuti amuna awo apeze poyang'ana.

A Choko atatuluka, akazi awo akadali ndi khanda m'chipindamo, mwamuna wa Namafunso anawatsatira m'khonde. Anali munthu wamkulu thupi, maso ofiira ndi ulendo, chipewa akuchipotokola m'manja. Anathokoza mpaka a Choko anachita manyazi. Kenaka anatsitsa mawu.

"Bambo, akuti maphunziro anu onse mumajambula. Ndiye kuti za tsiku lija ziliponso?"

"Zilipo. Palibe amene waziona. Ndinazitsekera."

"Mkazi wanga akundifunsafunsa kuti anagwa bwanji, mwana anali pati. Mukumudziwa, sasiya. Tsiku lina adzakupemphani kuti aone. Ine sindikufuna adzaone mwana wake ali chonchija. Komanso zinthu izi zimathawa, mawa mudzapeza zili m'mafoni a anthu."

A Choko anaganiza kanthawi. "Ndi zake, bambo. Sindingafufute iye osadziwa. Tiyeni tikamufunse."

Anabwerera limodzi m'chipindamo. Mwamunayo anagwada pambali pa bedi n'kufotokoza. Namafunso anayang'ana khanda limene linkakoka ndolo ya akazi a a Choko, anayang'ana mwamuna wake, n'kukhala chete mpaka onse anayesa kuti waiwala funso.

"Phunziro la tsikulo linali la chiyani?" anafunsa.

"Sitinapite nalo patali."

"Ndiye mudzalibwereze. Zinazo fufutani."

Mawa lake mmawa a Choko anaitana mayi wa makompyuta ku ofesi kuti akhale mboni. Anapeza vidiyoyo, osaitsegula. Makina anafunsa ngati akutsimikiza, popeza ikapita sidzabwereranso. Anadina kuti inde, kenaka anapempha mayiyo kuti akaichotsenso ku makina aakulu a yunivesite, ndipo anatsika naye limodzi masitepe kuti akaone ndi maso awo.